Bambo amene amasinza mu laibulale yathu: ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina:
Abale anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili kuno ku England, ndimagwira ntchito pa desiki mu laibulale ya khonsolo. Dzina ndabisa dala poti nkhaniyi ndi ya kuntchito.

Pali bambo ena achikulire ndithu amene amalowa tikangotsegula 9 koloko, atanyamula zikwama ziwiri ndi bulangete lomanga ndi chingwe. Amakhala pampando wapafupi ndi hita, foni pa chaja, nyuzipepala m'manja, kenako tulo. Sakangana ndi munthu. Nyuzipepalayo amaipinda bwinobwino n'kuibwezera pamalo pake, chinthu chimene anzathu ovala masuti chimawakanika.

Vuto ndi fungo. Ndisaname, limamveka. Mayi wina wobwera ndi ana kudzamvera nthano Lachiwiri wadandaula kawiri, ndiye abwana akuti ine ndiwalankhule. Koma abale, munthu wa msinkhu wa bambo anga ndikamuuze kuti akununkha? Pakamwa pakulemera. Chondipweteka china n'chakuti 6 koloko ikakwana ndine amene ndimawadzutsa kuti tikutseka, kunja kuli mdima ndi chisanu, ndipo komwe amalowera sindinafunsepo.

Mayi a ku Leeds:
Mwanawe, za fungozo ziike kaye pambali. Kodi dzina lawo ukulidziwa? Yamba ndi moni, mawa moni, mkuja tiyi ngati kuntchito amalola. Akazolowera ufunse komwe amagona. Ngati ndi panja, lemba pa webusaiti ya StreetLink, iwo amadziwitsa gulu la m'dera lanulo loyendera ogona m'misewu. Koma amafuna malo enieni ndi nthawi, chifukwa amayenda usiku kapena m'bandakucha. "M'tauni" sikokwanira. Ndipo uyambe wawapempha eni akewo.

Bambo a ku Luton:
Ine ndinena zowawa. Laibulale si hositelo, ndipo inu si social worker, wa ntchito yothandiza anthu ovutika. Ndalama musapereke, kunyumba musawatengere. Abwanawo akuthawa udindo wawo. Auzeni akulembereni pa imelo zimene akufuna munene.

Mlongo wa ku America:
Achimwene a ku Luton, mbali ina mukunena zoona, n'chifukwa chake kuno analemba anthu a ntchito imeneyo. San Francisco Public Library inayamba zimenezi mu 2009 ndi Leah Esguerra, social worker wokhala mu laibulale momwemo tsiku lonse. Amagwira ndi anthu amene nawonso anagonapo panja, ndiwo amazungulira n'kumacheza ndi anzawo. Laibulale ya mzinda wa Denver inatsatira mu 2015. Munthu amamasuka msanga kwa amene anadutsamo kusiyana ndi wa yunifomu. Funsani ngati gulu la m'dera lanu lingamabwere ngakhale kamodzi pa sabata.

Namwino wa ku Manchester:
Kukazizira kufika pa madigiri 0, makhonsolo amatsegula malo ogona a mwadzidzidzi, amati SWEP. Nambala yake isamachoke pa desiki. Kwa GP, dokotala wa m'dera, bambowo angathe kulembetsa ngakhale alibe adiresi. Nthawi zina fungo lotere limachokera ku chilonda cha kumwendo kapena masokosi onyowa, osati kusasamba kokha. Pezani day centre, malo othandizira osowa pokhala masana, yokhala ndi bafa ndi makina ochapira, muwapatse kapepala kake mwakachetechete ngati mukuwapatsa risiti. Abwanawo akumbutseni kuti mu 2022 malaibulale ambiri kuno anadzilengeza okha kuti ndi malo oothera anthu nyengo yozizira.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Lero ndalimba mtima, ndalankhula nawo bambo aja. Za StreetLink akana, akuti anthuwo akuwadziwa kale. Kapepala ka day centre alandira, aika m'thumba la jekete osayankha kanthu. Chimene apempha n'china: khadi la laibulale, akufuna kubwereka buku la za sitima zapamtunda kuti aziwerenga usiku. Kompyuta yathu ikukana kupitirira popanda adiresi. Alipo amene laibulale yawo imalola kulemba adiresi ya day centre? Ndikufuna ndikafike kwa abwana Lolemba ndili ndi chitsanzo m'manja.