Kodi ndigule nyumba pa Dedza Epulo asanafike kapena ndidikire?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagulapo nyumba m'matauni a m'maboma. Ndapeza nyumba ya zipinda zogona zitatu pa Dedza boma, m'munsi mwa phiri, pa malo a lizi, ndipo tagwirizana mtengo wa K45 miliyoni. Mwini wake akundikakamiza kuti timalize zonse mwezi wa Malichi usanathe, ati chifukwa chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndipo bajeti yatsopano ikhoza kukweza misonkho, komanso ati khonsolo ikawerengeranso mitengo ya nyumba, msonkho wa pachaka udzakwera. Ndalama yambiri ndili nayo kale, koma yotsalayo ndimayembekeza kuipeza ndikagulitsa soya ndi kachewere. Kuti ndifulumire, ndiye kuti ndikatenge ngongole ku banki. Kodi misonkhoyi ndi chifukwa chokwanira chothamangira?

Yankho la mayi wina wa ku Ntcheu:

Bambo, wogulitsayo wasakaniza misonkho yosiyana m'thumba limodzi, ndipo muyenera kuilekanitsa. Msonkho wa kukhonsolo ndi wa chaka ndi chaka, ndipo umawerengedwa potengera mtengo umene nyumba yalembedwa nawo m'kaundula wa khonsolo, amene malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998 amayenera kukonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kaundulayo akasintha, msonkho udzakwera kwa aliyense amene adzakhale mwini nyumba pa nthawiyo, kaya anagula mu Malichi kaya mu Julaye. Kuthamanga sikukupulumutsani pamenepo. N'chimodzimodzinso ndi lendi ya malo imene eni lizi amapereka ku Unduna wa za Malo.

Msonkho umene tsiku logula limaukhudza ndi stamp duty, umene umaperekedwa kamodzi posintha umwini. Kale unali 3 peresenti, kenako boma linautsitsa kufika pa 1.5 peresenti. Pa K45 miliyoni, 1.5 peresenti ndi K675,000, ndipo ngakhale utabwerera pa 3 peresenti, mungaonjeze K675,000 ina basi. Tsopano funsani ku banki chiwongola dzanja cha miyezi inayi pa ndalama imene mukufuna kukongola, muyerekeze nokha.

Yankho la bambo wina wa ku Linthipe:

Mayi anena zoona, koma achimwene, musaiwale kuti chimene chimakweza mitengo ya nyumba kuno kwathu nthawi zambiri si msonkho ayi, ndi kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo simenti ndi malata zitakwera, eni nyumba ambiri anasintha mitengo imene anali atatchula kale. Ngati mukudikira zokolola, lemberanani mgwirizano kwa loya, mupereke gawo la ndalama, mtengo ukhazikike pa pepala. Mawu a pakamwa amauluka.

Yankho la amene amagwira ntchito yothandiza anthu pa zikalata za malo:

Ine chondidabwitsa n'chakuti wogulitsa akulankhula ngati kusintha umwini ndi ntchito ya sabata imodzi. Pa malo a lizi pamafunika chilolezo cha Unduna wa za Malo, pamafunikanso chikalata cha bungwe lotolera misonkho la MRA chosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Ngakhale mutapereka ndalama yonse mawa, zikhoza kutheka kuti zikalata zidzatha Epulo atadutsa kale. Choncho mufunseni mwaulemu zinthu izi: akuonetseni malisiti a msonkho wa kukhonsolo ndi a lendi ya malo a zaka zapitazi, komanso chikalata cha lizi chokhala ndi dzina lake lenileni, osati la malemu bambo ake kapena la munthu amene anamugulitsa iye. Ndaonapo anthu akulowa m'nyumba mosangalala, patangopita miyezi yochepa n'kulandira kalata ya ngongole ya zaka zambiri imene mwini wakale anasiya. Munthu akamafulumizitsa wogula ndi nkhani ya bajeti, nthawi zina chimene chikumutentha ndi ngongole yake yomweyo. Sindikunena kuti ndi mmene zilili kwa iyeyu, koma malisiti ndiwo adzayankhe.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Malisiti a kukhonsolo ndawapempha, ndipo wandiuza kuti awafunafuna kaye. Funso langa lotsala ndi ili: ngati papezeka ngongole, kodi ndi bwino kuti aibweze yekha ndisanapereke chilichonse, kapena loya aichotse pa K45 miliyoni ija n'kukalipira yekha kukhonsolo?

Mayi wa ku Ntcheu:

Loya aichotse pa mtengo ndi kukalipira, risiti ibwere kwa inu, ndipo zimenezi zilembedwe mu mgwirizano musanasaine.