Zatheka abale, Haskell yayamba kuyenda pa kalaputopu kanga

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha sabata yatha. Amene simunaone, ndinafunsa kuti ndikhale pa Windows kapena ndipite ku Linux pophunzira Haskell, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, poti kalaputopu kanga kali ndi RAM ya 4GB chabe.

Ena munati WSL2, yoyendetsera Linux mkati mwa Windows, ndinayesa koma makina anali kukwawa ngati minibasi yodzaza matumba pa msewu wa ku Lundazi. Ndiye ndinatsatira achimwene aja ananena za Linux Mint (mtundu wina wa Linux) ya desktop ya XFCE, yopepuka bwino.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ine mwini, ndinathamangira kulemba lamulo la apt install ghc, n'kupeza yandipatsa GHC (compiler ya Haskell) ya 8.8.4, yakale, chifukwa Mint 21 imatenga mapakeji a Ubuntu 22.04. Ndinaichotsa n'kuika GHCup, imeneyi imabweretsa GHC, cabal ndi stack (zokokera mapakeji ndi kukompaila code), komanso HLS (yothandiza editor polemba Haskell) pamodzi. Koma musanayambe ikani kaye mapakeji a build-essential, libgmp-dev ndi libffi-dev, apo ayi mudzaona kauthenga kakuti cannot find -lgmp, ine kanandidyera usiku onse ndikuganiza kuti code yanga ndi imene ili ndi vuto. Pakeji ina inafunanso zlib1g-dev.

Za bando musachite masewera, GHC ndi yaikulu, ndipo cabal update nayonso imakoka zambiri ku Hackage, nkhokwe ya mapakeji a Haskell pa intaneti. Ine ndinadikira bando ya usiku, ndinachajiratu batire masana kuopa malaiti. Cabal ikamakompaila ndi RAM ya 4GB imaima njii, ndinawonjezera swap ya 4GB (malo a pa disk othandizira RAM) ndi kuika -j1 (kuti izikompaila pakeji imodzi pa nthawi), imachedwa koma imafika. HLS ndiye ndaisiya kaye, imadya RAM koopsa.