Kart ikutsamwa potuluka pakona

Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni pa kart (kagalimoto kakang'ono ka mpikisano) ya injini ya Rotax 125 Senior Max EVO, kabureta yake Dell'Orto VHSB 34. Ku bwalo la mpikisano la Killarney, Cape Town, imakoka bwinobwino, koma kuno ku bwalo la Zwartkops, Pretoria, kumtunda komwe mpweya ndi wopepuka, ikumatsamwa ndikaponda moto potuluka pakona yothina, mpaka itadutsa 7,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi). Powongoka ilibe vuto.

Main jet (kabowo ka mu kabureta kodutsa petulo wopita mu injini) ndatsitsa saizi yake kuchoka 130 kufika 125, power valve (valavu ya potulukira utsi) ndatsuka, pulagi ndaika yatsopano koma ikutulukabe yakuda bii ndi mwaye. Kutsitsanso jet ndikuopa, pisitoni ingandipsere.

Kodi ndisunthe clip ya singano ya mu kabureta, kapena ndiyambe ndaona kaye ma float (toyandama toyang'anira mlingo wa petulo mu kabureta)? Inu amene mumathamanga ku Gauteng kuno, mumaika jet yanji kukatentha?