Za namasupuni wa ku Kafue uja

Mu Novembala ndinafunsa ngati namasupuni wa mumtsinje wa Kafue angakhale manyowa a nyemba ndi soya kumunda kwathu ku Chongwe. Amene munati ndiyambe ndamuwoletsa munanena zoona. Mulu wofika m'chiuno unatsika mpaka m'mawondo, pajatu chomerachi n'chamadzi okhaokha. Ndinasakaniza ndowe za ng'ombe ndi phulusa, n'kumatembenuza.

Nyemba zabiriwira, nthaka ikusunga chinyezi. Nditazula imodzi ndinapeza timatuza tambiri kumizu, tofiirira mkati, umboni woti zikudzikokera nayitrojeni, chakudya cha mbewu, kuchokera mumpweya. Soya ndiye sanasinthe kwenikweni.

Chonde musavuule namasupuni pafupi ndi mafakitale, chomerachi chimayamwa zitsulo zapoizoni. Lantana, chitsamba china chomwe ndinkaganiza zopangiranso manyowa, ndamusiya kaye, ndikuopa kudzala njere zake m'munda.