Ndalama za mjigo kapena za loya? Nkhani ya malasha m'malire a Lengwe

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. A Gulupu atuma uthenga: kampani ija yofufuza malasha yabweranso, ikufuna msewu wodutsa m'minda ya kumadzulo mpaka pafupi ndi malire a paki ya Lengwe kwathu ku Chikwawa. Komiti ikufunsa ngati tingatapeko pa thumba la mjigo kuti tipeze loya ndi woyeza malo anthu asanasaine kalikonse. Yankhulani.

aPhiri (Joni): Ine ayi. Ndalama zimenezo tinasonkha ndi za madzi. Amayi athu akutungabe madzi mumchenga wa mtsinje, ife nkumakapatsa loya? Ndiponso msewu ndi chitukuko. Anyamata ali mbwee kuno ku Joni chifukwa kumudzi kulibe ntchito.

aNaBanda: Achimwene, ntchito tonse tikuifuna, koma tawolokani malire muone. Ku Moatize ku Mozambique, kampani ya Vale itayamba mgodi, mabanja mazanamazana anasamutsidwira ku Cateme cha m'ma 2009 ndi 2010, kutali ndi msika, ku nthaka yosabereka. Mu January 2012 anthuwo anatseka njanji chifukwa cha mkwiyo. Njanji yonyamula malasha omwewo kupita ku Nacala imadutsa m'dera lathu lomwe lino. Sitima timaiona, malasha timawaona, nanga pakhomo panu panatsala chiyani?

aPhiri (Joni): Chemwali, kumeneko ndi ku Mozambique. Malamulo ndi osiyana.

Mphunzitsi wopuma: Ndiye tikambe za kuno. Ku Mwabulambo ku Karonga mgodi wa malasha unatsekedwa mu 2015, maenje nkusiyidwa osakwirira, odzaza madzi oipa, ana ndi ziweto zikuyenda pomwepo. Malamulo analipo.

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri tikuganiza kuti munda ukakhala wako ndiye kuti zapansi nzako. Ayi. Miyala ya pansi pa nthaka ndi ya dziko, ndipo chilolezo chimachokera ku boma pansi pa lamulo la migodi, lomwe analikonzanso mu 2023. Iwe chako ndi pamwamba pokha, ndipo boma likafuna malowo pa ntchito yokomera dziko limatha kuwatenga nkukupatsa chipukuta misozi. Tsono chipukuta misozicho amawerengera zimene zalembedwa: kukula kwa munda, nyumba, mitengo ya mango, masau. Munda wopanda pepala, malire ake ali m'mutu mwa agogo okha, mudzakangana ndi ndani?

Mkati mwa paki nkhani ndi ina. Lengwe inakhala paki mu 1970, makamaka chifukwa cha nyama zotchedwa nyala. Lamulo la nyama zakutchire limaletsa kukumba kapena kudula mtengo m'menemo popanda chilolezo, ndipo chilikonzereni mu 2017 zilango zake si zamasewera. Nyala ili ndi malire olembedwa pa mapu. Ife a kunja kwa mpanda ndi amene tilibe.

aMbewe: Mwaona, a Phunzitsi mwanena nokha. Nyama ndi zofunika kuposa anthu. Makolo athu anachotsedwa pamene ankakuza paki ija m'ma 1970, lero njati ndi nguluwe zikutidyera mapira, munthu ukatola nkhuni akumanga. Ndiye ine ndilire chifukwa cha nyala? Akumbe basi.

aNaBanda: Malume, za nguluwe sindikutsutsa, chaka chatha zinatha munda wa amayi anga usiku umodzi. Koma sadzakumba m'paki poyamba, n'kovuta. Adzayambira kwa inu, kumene kulibe mpanda. Ndipo tchire lija ndi limene limagwira madzi. Pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 tinaona mmene mitsinje imatsikira ikapanda chotchinga. Mukagwetse mitengo kumtunda, muonjezere maenje ndi milu ya dothi, mvula yoyamba zonse zili m'madimba.

Mphunzitsi wopuma: Ndi pomwe pali mwayi wathu. Lamulo la zachilengedwe la 2017 likuti ntchito ngati iyi isayambe popanda lipoti la ESIA, lounika mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, lovomerezedwa ndi bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA, ndipo polemba lipotilo amayenera kufunsa anthu okhudzidwa. Popeza malo ali pafupi ndi paki, a nthambi ya nyama zakutchire nawo ali ndi mawu. Kunena zoona, nyala imeneyi ingatithandize kuposa MP. Tiifunse kampani: lipoti lili kuti, chilolezo ndi chofufuza chabe kapena chokumba? Ziwirizi n'zosiyana kwambiri.

aPhiri (Joni): Zofunsa mapepala sizilira ndalama. Ndiye loya wa chiyani?

Msungichuma: Mfundo imeneyo ndagwirizana nayo. Loya adikire. Koma kuyeza minda kokha ndiye tisazengereze. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa munda kudzera mu komiti ya malo ya kwa Gulupu, ndipo mu komitimo mumayenera kukhala amayi osachepera atatu. Kwathu komitiyo ilipo? Ine sindinaimvepo ikukumana.

aMbewe: Ilipo pa dzina. Koma kulembetsa kumeneko kudzautsa mikangano ya pachibale, muona. Munda wa kudambo uja ana a malemu achimwene akuti ndi wawo.

aNaBanda: Bola tikangane tokha pabwalo la mfumu kusiyana ndi kudzakangana galimoto ya oyeza itaima pamsewu.

Wapampando: Zikomo nonse. Ndamva motere: thumba la mjigo silikhudzidwa. Titsegula chopereka china cha thiransipoti ndi kuyeza minda, aliyense monga angathere, a kunja musabisale. A Mlembi alembe kalata kwa a DC ku boma, kope lipite kwa a T/A, yofunsa mtundu wa chilolezo ndi lipoti la ESIA. A Phunzitsi, inu muli kumudzi, kapempheni a Gulupu kuti pasapezeke wodinda chala pa pepala lililonse yankho lisanabwere.

aPhiri (Joni): Chabwino, ndiponyako mwezi ukatha. Koma mjigo ukumbidwe mvula isanagwe, a Tcheya, apo ayi mundibwezera zanga.

Mlembi: Kalata ndiika pano Lachinayi kuti muione ndisanaitumize. Amene ali ndi nambala ya ofesi ya malo ku Chikwawa anditumizire ku inbox.