Chiwaya chafulati chikundipserezera ndiwo, amene mumachidziwa ndithandizeni

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe:

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, ndipo ndikupempha amene mumagwira chiwaya tsiku ndi tsiku kuti mundiwongole.

Miyezi iwiri yapitayi bambo a kunyumba anakapangitsa chiwaya kwa owotcherera zitsulo. Si chija chokumbika pakati chokazingira tchipisi m'misika ayi. Ichi ndi chafulati ngati tebulo, masentimita 80 mulitali, 50 mulifupi, chili ndi miyendo inayi ndi thireyi ya makala pansi pake. Pakhomo pano tilipo 7, ndiye magetsi akazima timavutika ndi mbaula imodzi, poto uyu atsike kuti winayo akwere, ana mpaka kugona ndiwo zisanapse. Tinkati chiwayachi chitipepuza.

Koma chiyambireni sindinaphikepo chinthu chotuluka bwino. Mazira amamatirira. Nkhuku imada kunja, ukaidula pafupa pali magazi. Loweruka lapitali ndinagula chambo zinayi, ndinazipala bwino, kuthira mchere ndi ndimu, kuziika. Potembenuza khungu lonse linatsalira pachitsulo, nsomba n'kuphwasuka. Apongozi anga anali pakhonde akuona, sananene kanthu, koma mtima unandiwawa poganiza ndalama imene inapita pa nsombazo. Ndinachitsuka ndi sopo n'kuchisiya panja, m'mawa mwake chonse chinali chofiira ndi dzimbiri.

Pa Khirisimasi tikulandira abale pafupifupi 20 ochokera ku Ntcheu, ndipo ndikufuna chiwayachi chigwire ntchito. Ndikulakwitsa pati? Nanga kupatula nyama ndi tchipisi, pamenepa pangapse chiyani china? Sindikufuna chikhale cha kanyenya basi.

Wa chiwaya pa Lunzu:

Amayi, ndisanayankhe, chitsulocho ndi chamtundu wanji? Ngati ndi chija chotuwa chonyezimira ngati malata, kapena anadula mgolo umene munkakhala mankhwala kaya penti, musaphikirepo. Chotuwacho anachikuta ndi zinki, chikatentha chimatulutsa utsi wodwalitsa. Ngati ndi chitsulo chakuda wamba, tipitirize.

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe:

Ndi chakuda achimwene, cholemera, kuchinyamula mpaka anthu awiri. Bambo akuti ndi cha mamilimita 5.

Wa chiwaya pa Lunzu:

Ndiye muli ndi katundu wabwino, vuto ndi moto. Ndikukhulupirira kuti mumayala makala thireyi yonse, sichoncho? Mukatero chitsulo chonse chimatentha mofanana ndipo chakudya chilibe kothawira. Taonani mmene ife timachitira pamsewu: pakati pa chiwaya mpamene pali moto, nyama ikapsa timaikankhira m'mphepete kuti idikire wogula isanapserere. Inu chanu n'chafulati, ndiye m'mphepetemo mudzipangire nokha. Unjikani makala mbali imodzi, pakati muike ochepa, mbali yotsalayo isakhale ndi khala ngakhale limodzi. Mukhala ndi malo atatu pachitsulo chimodzi: powotcha, pophika, ndi posungira.

Nkhukuyo muziyamba pamoto waukulu kuti igwire mtundu mbali zonse, kenako muisunthire pakati, muthirepo madzi a supuni ziwiri kapena zitatu pambali pake, muivundikire ndi poto wakale. Nthunzi ndiyo imapsetsa mkati. Komanso zidutswa zikuluzikulu ngati ntchafu muzizicheka mpaka pafupa, kapena muziwiritse kaye pang'ono ndi mchere ndi adyo. Ambiri ogulitsa timatero, si chinyengo ayi.

China, musamaike chakudya chitsulo chisanatenthe. Dikirani mphindi 10 kapena kuposa. Donthezanipo madzi: akangokhala n'kumawira pang'onopang'ono, sichinafike. Akamalumphalumpha ngati mikanda, chafika, thirani mafuta.

Wowotcherera wa ku Ndirande:

Achimwene a pa Lunzu anena zoona. Ine ndionjezere za chitsulocho chifukwa ndi ntchito yanga. Chitsulo chatsopano chimabwera ndi mafuta a kufakitale ndi kachikhungu kotuwirako pamwamba, ndipo ambiri timangopereka osamuuza kasitomala kuti akachikonze kaye. Poti chanu chachita kale dzimbiri, yambirani pamenepo. Chikwecheni ndi sandipepa kapena mchenga wa kumtsinje mpaka kufiirako kuthe, chitsukeni ndi sopo, chiumitseni pamoto, osati padzuwa.

Chikauma, nyowetsani kansalu ndi mafuta ophikira, mupake paliponse, kenako mupukute ngati mukufuna kuwachotsa onse. Apa mpamene anthu amalakwitsa, amathira ambiri, ndiye chimatuluka chonata ngati ulimbo. Sonkhezani moto chifuke utsi mpaka utsiwo uleke wokha. Bwerezani kanayi kapena kasanu. Muona chikuda ndi kusalala ngati poto wa agogo. Kudako si litsiro, ndi mafuta amene apsa n'kuuma pachitsulo, ndipo ndi amene amaletsa mazira kumatirira komanso kutchinga dzimbiri.

Musadzathire ndowa ya madzi ozizira chili chotentha, chimapindika, mafuta n'kumathamangira kona imodzi. Ndipo ngati chilibe, owotcherera akuboolereni kabowo pakona kotulukira mafuta, mutchere kachitini pansi, kutali ndi makala.

Mayi a ku Mangochi:

Mwana wanga, za chambozo zandikhudza. Ndimu ndi amene anakupwetekani limodzi ndi madzi. Nsomba yonyowa siichoka pachitsulo. Mukaipala ndi kuitumbula, ichekeni mizere itatu mbali iliyonse, thirani mchere, muisiye pa lichero kapena pawaya kwa theka la ola ikhe madzi. Ipukuteni ndi nsalu youma, mafuta mupake pa nsombayo, osati pachitsulo pokha. Ndimu mudzafinyire itapsa.

Ndiye mukaiika, manja kumbuyo. Osaigwedeza, osaisuzumira pansi. Chambo chapakatikati chimafuna mphindi 5 kapena 6 mbali imodzi. Khungu likauma limadzimasula lokha, mukalowetsa chotembenuzira mumva kuti chalowa osalimbana. Ikakana, sinafike, ipatseni mphindi ina. Tembenuzani kamodzi basi. Usipa wauwisi ndi utaka ndiye sizivuta n'komwe, muwaze pamoto wapakati ndi timafuta pang'ono.

Achemwali a ku Joni:

Kuno ku Johannesburg anthu amakonda chimene amati skottel, chiwaya chozungulira cha gasi, chimene poyamba alimi ankapanga ndi chimbale cha pulawo. Kwa abwana anga Lamlungu lililonse chakudya cha m'mawa chonse timapangira pomwepo, ndiye ndikuuzeni zimene ndaphunzira.

Yambani ndi zimene zimachedwa. Mbatatesi, poti kwanu ku Ntcheu ndiye kwawo kwa mbatatesi, uzani alendowo abwere nayo ya ku Tsangano. Iwiritseni pang'ono, muidule timabokosi, muikazinge ndi anyezi. Ikayamba kufiira isunthireni kozizira, muike masoseji. Mafuta otuluka m'masosejiwo musataye, kazingiranimo kabichi woduladula ndi gilinipepa. Mazira ndi omalizira, ndipo amafuna kumene kulibe moto wambiri. Buledi mumupake majarini, mumugoneke pambali.

Chapati imapsa bwino kwambiri pachitsulo chafulati, amwenye amaphikira pa chotere chomwe, amachitcha tawa. Mpunga wotsala dzulo, makamaka Kilombero uja sumatana, muukazinge ndi mazira, karoti ndi anyezi, ana saufuna wina. Nthochi zosapsa, chinangwa chowiritsa, mbatata zodula mopyapyala, mabiringanya, chimanga chachiwisi, zonsezi zimatheka. Chokhacho, tchipisi chenicheni, mandasi ndi zitumbuwa zimafuna kusambira m'mafuta, pafulati sizingatheke. Zimenezo ndi za chiwaya chokumbika.

Bambo wa ku Kawale:

Ine ndikutsutsa pang'ono za sopo. Chakudya cha anthu 20, nsomba lero mawa mazira, osatsuka ndi sopo? Fungo la nsomba limatsalira ndithu. Kwathu timatsuka ndi sopo nthawi zonse ndipo sichinachitepo dzimbiri.

Wowotcherera wa ku Ndirande:

Bambo, palibe amene waletsa sopo. Chitsulo chikakhwima bwino, kasopo pang'ono sikachotsa kudako. Chimene chinawononga cha amayiwa n'kuchisiya chonyowa panja usiku wonse, mame n'kugwerapo. Inu mwina mumachiumitsa osadziwa kuti n'chimene chikukupulumutsani. Chimene ine ndimakaniza ndi kukwecha ndi waya tsiku lililonse, ndi kuphikirapo supu wa tomato wambiri nthawi yaitali, chifukwa kuwawasa kwa tomato kumadya kudako. Tomato wa ndiwo apite m'poto. Mukatha kuphika, palani zotsalira chikadali chofunda, thiranipo timadzi, pukutani, umitsani pamoto wotsalawo, pakani timafuta, vundikirani. Nyengo yamvula ino chilowe m'nyumba chikazizira.

Namwino wa ku Zomba:

Mayi, mawu awiri ochokera kuntchito kwanga. Mvula ikayamba pa Khirisimasipo mudzafuna kulowetsa chiwayacho m'khitchini makala ali moto. Chonde musadzatero. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni umene sununkha, suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo anthu amafa nawo m'nyumba zotseka. Pakhonde lotseguka kapena pansi pa chisakasa mpabwino. Ana aang'ono asamayandikire, chitsulo chakuda sichionetsa kuti chatentha, ndipo chimakhalabe chowotcha moto utazima kale.

Chachiwiri, mbale imene munaikamo nkhuku yaiwisi isalandirenso yakupsa musanaitsuke. Nkhuku ikhale yoyera mpaka pafupa, madzi otuluka asakhale ofiira.

Mnyamata wa ku Mchesi:

Nanga nsima amayi aphikira pati? Kapena poto akhoza kukhala pamwamba pa chiwayacho? Komanso palibe watchula ngumbi. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi pachiwaya chafulati zimauma bwino kuposa m'poto, sizifuna mafuta, zili ndi akeake, kamchere basi.

Wa chiwaya pa Lunzu:

Poto akhoza kukhala, koma madzi achedwa kuwira ndipo mutha makala ambiri, popeza moto ukuyamba wadutsa m'chitsulo. Nsima ipite pa mbaula kapena pamafuwa. Pachiwaya, mbali yopanda makala ija, mpoika poto wa nyemba kapena masamba ophikaphika kuti asazizire. Kwa anthu 20, amayi, musadzaze nyama chitsulo chonse nthawi imodzi. Ikachuluka imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mowotcheka, imatuluka yotuwa ndi yolimba. Ikani pang'onopang'ono, pakati pa zidutswa pazioneka chitsulo. Ya mbuzi muidule ting'onoting'ono, muinyike usiku m'adyo, jinja ndi mafuta. Tsabola wa kambuzi aike yekha wofuna, pali ana.

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Dzulo madzulo ine ndi mwana wanga wamkulu tinachikwecha ndi mchenga, tinapaka mafuta n'kuwotcha kanayi. Chada ndithu, kupatula kona imodzi imene moto sufika bwino, ikadali yotuwa, ndibwereza mawa. Lero m'mawa ndinaunjika makala kumanzere monga mwanenera achimwene a pa Lunzu, ndinaswa mazira atatu chapakati. Awiri anachoka bwinobwino, limodzi linamatirira pang'ono chifukwa ndinafulumira kulitembenuza. Chambo ndiyesa Loweruka, ndigula chimodzi chokha kaye.

Mayi a ku Mangochi, ndifunsenso: pa tsikulo nsomba ndi nyama ya mbuzi zonse zidzadutsa pachitsulo chomwechi. Ndiyambe ndi iti kuti fungo lisalowerere?

Mayi a ku Mangochi:

Yambani ndi chapati ndi mbatatesi chitsulo chikadali choyera, ibwere mbuzi, nsomba ikhale yomaliza. Mbuzi ikatsika palani bwino, mudule anyezi pakati, mumubaye ndi foloko n'kupukutira pachitsulo chotenthacho, kenako timafuta tatsopano. Ndipo chambocho musagule chachikulu kwambiri, chotalika ngati dzanja lanu ndi theka chimapsa mofanana mpaka mkati.