Ndikusamukira ku Miami: kodi namwino wosadziwa Chisipanishi angakhale bwino kumeneko?

Namwino wa ku Indiana walemba:

Moni nonse, abale ndi alongo. Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndakhala ndikugwira ntchito ya unamwino ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ochuluka ndithu moti pakagwa zovuta kapena pakakhala ukwati munthu sasowa womugwira mkono. Tsopano ndapeza ntchito pachipatala china m'dera la Miami-Dade ku Florida, ndipo ndiyenera kuyamba ana akangotsekera sukulu.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi chinenero. Anthu angapo andiuza kuti ku Miami Chisipanishi ndi chimene chimalamulira, ndipo kuti munthu atha kulowa m'sitolo n'kupeza kuti palibe womuyankha m'Chingerezi. Ine sindidziwa Chisipanishi ngakhale pang'ono. Pondifunsa mafunso a ntchito sanandiuze kuti chinenerochi ndi chofunika, koma namwino amakhala ndi wodwala usiku wonse, ndipo ndikuopa kuti ndidzaima pambali pa nkhalamba imene ikumva ululu osamva chimene ikunena. Ndikupemphanso malangizo a malo okhala, chifukwa sindikufuna kusainira nyumba m'dera limene ana anga adzakhale ngati osalankhula. Wamkulu ali ku sekondale, wamng'ono ali giredi 2, ndipo Chichewa chawo n'chofooka kale. Kodi chinenero chachitatu sichidzachimaliziratu? Amene mukukhala kumeneko kapena munakhalako, chonde ndiuzeni zoona zake.

Bambo wa ku Miramar ayankha:

Mayi, zimene mwamvazo si zokokomeza kwenikweni. Kalembera wa mu 2020 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 69 pa 100 aliwonse m'dera la Miami-Dade ndi ochokera ku mabanja a mayiko olankhula Chisipanishi, ndipo mumzinda wa Hialeah chiwerengerochi chimaposa 90 pa 100 aliwonse. Nkhaniyi inayamba Fidel Castro atalanda boma ku Cuba mu 1959, pamene anthu ambiri ophunzira ndi amalonda anathawira ku Miami. Mu 1980 anthu ena pafupifupi 125,000 anawoloka nyanja pa maboti kuchokera ku doko la Mariel ku Cuba m'miyezi yochepa chabe. Pambuyo pake kunabwera a ku Nicaragua, amene ambiri anakhazikika ku Sweetwater, a ku Colombia, ndiponso a ku Venezuela, amene lero adzaza mzinda wa Doral.

Ndafotokoza mbiriyi chifukwa ikuthandizani kumvetsa kusiyana kwa Miami ndi mizinda ina ya ku America. Kwina konse, wolankhula Chisipanishi nthawi zambiri amakhala mlendo amene akuyesetsa kuphunzira Chingerezi kuti alandiridwe. Kuno ayi. Kuno mwini nyumba imene muchite lendi, dokotala amene azikulamulirani ntchito, mkulu wa ku banki, makaniko wa galimoto yanu ndi andale amene mumawaona pa zikwangwani, ambiri a iwo Chisipanishi ndi chinenero cha kwawo, ndipo sachita nacho manyazi. Munthu atha kukhala ku Hialeah zaka zambiri, kugwira ntchito, kupemphera ndi kuona dokotala popanda kufuna Chingerezi. Nkhaniyi inavutitsapo anthu: mu 1973 akuluakulu a derali analengeza kuti ndi la zinenero ziwiri, mu 1980 ovota anakhazikitsa lamulo loti boma la derali lizigwiritsa ntchito Chingerezi chokha, ndipo lamulolo linadzachotsedwa mu 1993. Lero mapepala ovotera amalembedwa m'Chingerezi, m'Chisipanishi ndi m'Chikiliyo cha ku Haiti.

Ngakhale zili choncho, musaope kuti mudzasowa pogwira. Makalata a boma, mgwirizano wa lendi, makhoti ndi maphunziro a ana zimayenda makamaka m'Chingerezi, ndipo achinyamata obadwira kuno amachilankhula bwino kwambiri.

Pa malo okhala, ine ndinasankha dera la Broward, kumpoto kwa Miami-Dade. Ku Miramar ndi ku Pembroke Pines kuli anthu ambiri a ku Jamaica, a ku Haiti ndi Aamerika akuda, ndipo Chingerezi chimamveka paliponse. Miami Gardens, yomwe ili m'kati mwa Miami-Dade momwemo, ndi mzinda umene anthu akuda ndi ochuluka. Koma yezani kaye ulendo wopita kuntchito pa nthawi yeniyeni imene muzinyamuka, chifukwa msewu wa I-95 ndi wa Palmetto umadzaza koopsa m'mawa ndi madzulo. Dziwaninso kuti ngakhale Florida sadula msonkho wa chigawo pa malipiro, lendi ndi inshuwalansi ya galimoto zidzakudyerani ndalama zambiri kuposa ku Indiana. Ndipo popeza mukufika m'nyengo ya mphepo zamkuntho, yomwe imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, funsani mwini nyumba ngati mawindo ali ndi zotetezera komanso ngati malowo samasefukira madzi. Akuluakulu a kuno akukumbukirabe mmene mphepo ya Andrew inasakazira Homestead mu Ogasiti 1992.

Mlongo wa mu wodi ya usiku ayankha:

Achemwali, ine ndine namwino mnzanu ndipo ndimagwira ntchito kuno ku Miami. Zimene anena Bambo a ku Miramar ndi zoona, koma ndikusiyana nawo pang'ono pa mfundo imodzi. Mutha kukagona ku Broward, koma odwala anu adzakhala a ku Miami-Dade, ndiye kuthawa chinenerochi pa malo ogona sikuchotsa vuto limene mwafunsa. Lingaliro langa ndi lakuti muyambe kuphunzira tsopano, musanafike.

Ndiyambe ndi chimene chingakukhazikeni mtima pansi. Mafayilo a odwala, malangizo a dokotala ndi mankhwala zonse zimalembedwa m'Chingerezi. Komanso, potsatira lamulo la ufulu wa anthu la mu 1964, chipatala chimene chimalandira ndalama za boma lalikulu chimayenera kupezera wodwala womasulira ngati samva bwino Chingerezi. M'zipatala zambiri womasulirayo mumamupeza pa foni kapena pa kanema nthawi ina iliyonse. Ndipo pa nkhani zolemera, monga kufotokoza za opaleshoni, kusainitsa chilolezo, kapena kulangiza wodwala mmene azimwera mankhwala akatuluka, muzigwiritsa ntchito womasulira ameneyo nthawi zonse, ngakhale mutadzayamba kuchidziwa Chisipanishi. Chisipanishi chatheka n'choopsa pa mlingo wa mankhwala kuposa kusachidziwa n'komwe, chifukwa chimakupatsani chidaliro chimene simunachifikire. Musalolenso kuti mwana wa wodwala akhale womasulira pa nkhani za matenda a kholo lake, ngakhale banja litaumirira.

Koma unamwino suli m'mafayilo mokha, ndipo inu mukudziwa zimenezi. Pakati pa usiku agogo akadzuka atasokonezeka, akufuna kutsika pabedi pamene miyendo ilibe mphamvu, simudzakhala ndi nthawi yoimba foni. Ndaona okalamba amene ankalankhula Chingerezi bwinobwino moyo wawo wonse, koma matenda oiwalaiwala atawagwira anabwerera ku chinenero cha ubwana wawo chokha. Pa nthawi ngati imeneyo mawu ochepa amakwanira kuti munthu akhazikike: kumufunsa ngati akumva ululu ndiponso pamene pakupweteka, kumuuza kuti asadzuke yekha, kuti apume mokoka mpweya, kuti mukubweranso posachedwa. Yambani ndi ziwalo za thupi, manambala, nthawi, ndi mafunso amene yankho lake ndi inde kapena ayi, chifukwa funso lotseguka limabweretsa yankho lalitali limene simudzalimva. Kwa wamkulu aliyense muzinena kuti usted, osati tú, monga mmene kwathu sitinenera kuti iwe kwa apongozi. Okalamba a kuno amazindikira msanga ulemu umenewu ndipo amakukhululukirani zolakwa zina zonse za kalankhulidwe.

Pali chinthu china chimene sindikufuna kukubisirani. Pa nthawi yopuma, ndipo nthawi zina ngakhale pa tebulo la anamwino, anzanu adzayamba kucheza m'Chisipanishi inu muli pomwepo. Poyamba zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinkapita kunyumba ndikumva kuti sindikuwerengedwa. Ambiri sachita dala. Komabe ngati zimene akukambirana zikukhudza wodwala wanu, makamaka posinthana ntchito, muli ndi ufulu wonse wopempha kuti anene m'Chingerezi, ndipo muzipempha mosazengereza chifukwa ndi nkhani ya moyo wa munthu. Zinthu zinasintha kwa ine pamene ndinayamba kulandira kakapu kakang'ono ka khofi wa ku Cuba amene wina amagula masana n'kugawira onse. Musakane, ngakhale ndi wowawa komanso wodzaza shuga, chifukwa pomwera khofi ameneyo ndi pamene mumamva zonse za mu wodi.

Mudziwenso kuti chifukwa cha khungu lathu ambiri adzayamba kukulankhulani m'Chikiliyo poganiza kuti ndinu wa ku Haiti, ndipo odwala olankhula Chikiliyo nawonso ndi ambiri kuno. Makalasi a Chisipanishi a anthu ogwira ntchito amapezeka ku Miami Dade College, ndipo muyenera kufunsa abwana anu ngati chipatala chimathandiza kulipira.

Mwana wa ku Angónia ayankha:

Mayi, ndikulemba ngati munthu amene anakulira ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amene analankhula Chichewa kunyumba ndi Chipwitikizi kusukulu. Kwa ine Chisipanishi chinali chapafupi chifukwa cha Chipwitikizicho, koma ndikufuna kukulimbikitsani kuti Chichewa chokhacho chimene muli nacho ndi thandizo lalikulu. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka monga momwe amamvekera m'Chichewa. Mawu amawerengedwa pafupifupi monga alembedwera. Munthu wa kwathu akawerenga chiganizo cha Chisipanishi mokweza amamveka bwino kuposa Mwamerika wolankhula Chingerezi chokha. Chimene chidzakuvuteni ndi l ndi r, popeza kwathu timazisinthanitsa popanda kusintha tanthauzo pamene kwa iwo zimasiyanitsa mawu. China ndi liwiro. Anthu a ku Cuba amalankhula mofulumira ndipo nthawi zambiri sawatchula s wa kumapeto kwa mawu, choncho musataye mtima mukaona kuti zimene mwaphunzira pa foni sizikufanana ndi zimene mukumva m'sitolo. A ku Colombia ambiri amamveka mosavuta kwa woyamba kumene.

Pa zakudya mudzakhala bwino kuposa kumene muliko. M'masitolo monga Sedano's ndi Presidente mudzapeza chinangwa, chimene amachitcha yuca, mbatata yoyera m'kati, koko, nthochi zophika, maungu, nyemba zamitundumitundu ndi therere lobala. Ufa woyera wa P.A.N., umene a ku Venezuela amapangira mikate yawo ya chimanga, umaphika nsima yabwino ndipo imapsa msanga chifukwa ufawo ndi wophikaphika kale. Musausokoneze ndi Maseca, chifukwa chimanga cha ufa umenewo amayamba achiphika ndi laimu, ndipo nsima yake imakhala ndi fungo lina. M'masitolo amenewa ndi m'mene mungayesere mawu anu oyamba popanda mantha, chifukwa kulakwitsa dzina la nyemba sikuvulaza munthu.

Mphunzitsi wa ku Kendall ayankha:

Ndiyankhepo za ana, chifukwa funso limeneli silinayankhidwe. Polembetsa kusukulu ya boma ku Florida mudzafunsidwa ngati kunyumba kumalankhulidwa chinenero china kupatula Chingerezi. Mukayankha kuti inde, mwana amayesedwa Chingerezi kuti aone ngati akufunika thandizo lapadera. Makolo ena a ku Africa amabisa poopa kuti mwana abwezedwa m'mbuyo, koma ana amene akulira ku Indiana sangavutike ndi mayeso amenewo, ndiye nenani zoona.

Sukulu za Miami-Dade zili ndi mbiri yaitali yophunzitsa m'zinenero ziwiri, kuyambira pa sukulu ya Coral Way imene inayamba njira imeneyi mu 1963. Wamng'onoyo, ngati mungamupezere malo m'kalasi yotere, adzachigwira Chisipanishi mofulumira kuposa inu. Nkhawa yanga ili pa wamkuluyo, chifukwa pa msinkhu wa sekondale kusamva nthabwala za anzake pa nthawi ya chakudya kumapweteka kwambiri, ndipo mwina sadzakuuzani. Musanasankhe nyumba, onani kaye sukulu imene adilesiyo ikugwera, mupite naye akaione, ndipo mufunse za magulu a masewera kapena a nyimbo amene angalowe sabata yoyamba.

Za Chichewa, chimene chimachifooketsa m'nyumba zathu kuno ndi Chingerezi, makamaka makolo tikamafunsa m'Chichewa n'kulola yankho la m'Chingerezi tsiku ndi tsiku. Chisipanishi sichidzawonjezera vuto limeneli. Ndaona ana athu akuyamba kufunsa za chinenero chawo ataona kuti pafupifupi mnzawo aliyense amalankhula ndi agogo ake m'chinenero cha kwawo popanda manyazi. Koma popeza kuno simudzapeza Amalawi ochuluka ngati ku South Bend, ntchito yonse idzakhala pa inu ndi pa mafoni opita kumudzi.

Namwino wa ku Indiana walembanso:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza zedi. Ndaganiza zotenga nyumba ya lendi ya miyezi yochepa kaye pafupi ndi kuntchito, kuti ndione misewu ndi sukulu ndi maso anga ndisanasaine mgwirizano wa chaka chonse. Ndayamba kale kuloweza ziwalo za thupi ndi manambala. Achemwali a mu wodi ya usiku, ngati n'kotheka ndilembereni mafunso amene mumawagwiritsa ntchito kawirikawiri poyeza ululu, kuti ndiyambe kuwayeseza ndi ana madzulo ano.